Mlendo ndi Mame, Koma Kalumo Kake Katsale

Makolo athu anatisiyira miyambi iwiri yonena za alendo, ndipo munthu akaimva koyamba angaganize kuti ikutsutsana. Wina umati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Unzake umati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ine ndikuti miyambi iwiriyi ndi ya bere limodzi, ndipo mudzi umene wagwira umodzi ndi kutaya unzake umadzalira mlendo atapita. Sabata ino ndifuna tikambirane za alendo amene takhala nawo m'midzi mwathu kwa zaka zoposa 60 tsopano, anyamata ndi atsikana ochokera kutsidya kwa nyanja amene amabwera kudzagwira ntchito mongodzipereka, amene ambirife timawatchula kuti mavolontiya.

Nkhaniyi siinayambe dzulo. Bungwe la VSO linakhazikitsidwa ku Britain m'chaka cha 1958. M'chaka cha 1961 Pulezidenti John F. Kennedy anayambitsa bungwe la Peace Corps ku America, ndipo gulu lake loyamba linafika kuno m'chaka cha 1963, dziko lino likadatchedwa Nyasaland, tisanalandire ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964. Dziko la Japan linayambitsa bungwe lake m'chaka cha 1965, ndipo achinyamata ake anayamba kufika kuno mu 1971. Ambiri mwa oyambawo anali aphunzitsi a sukulu za sekondale, pakuti masiku amenewo a Malawi ophunzira kwambiri anali owerengeka. Pambuyo pake kunadza a zaumoyo, a zaulimi ndi a zosamalira nkhalango. Wa Peace Corps amayamba ndi maphunziro a miyezi pafupifupi 3, akukhala pa banja la m'mudzi ndi kuphunzira chilankhulo, kenaka amatumizidwa kumalo ake kukagwira ntchito zaka 2. Salandira malipiro onga a akatswiri amene timawaona m'magalimoto akuluakulu ku Lilongwe. Amangopatsidwa ndalama yochepa yoti adyere ndi kuvalira monga anthu a kumaloko.

Ambirife timangowaona akudutsa pa njinga, chisoti kumutu, koma sitidziwa kuti tsiku lawo limayenda bwanji. Ine ndinali ndi mwayi woona ndi maso anga, chifukwa zaka zingapo zapitazo kumudzi kwathu kunabwera mtsikana wa ku America kudzaphunzitsa pa sukulu ya sekondale yoyendera. Dzina lake sinditchula, pakuti nkhani yake ndi ya anzake ambiri.

Anam'patsa nyumba ya aphunzitsi, ya njerwa zootcha ndi denga la malata, yopanda magetsi ndi madzi a m'mpopi. Kuseri kunali bafa ya udzu ndi chimbudzi chokumba. Ankadzuka atambala akulira, chifukwa m'mudzi tulo ta m'mawa sitigoneka. Ntchito yake yoyamba inali tsache, popeza anamva msanga kuti mkazi amene pakhomo pake pali zinyalala dzuwa litatuluka amasanduka nkhani kumjigo. Akatha kusesa ankatenga ndowa kukaima pamzere ndi amayi anzake. Masiku oyamba amayi ankam'landa ndowayo, nam'tungira ndi kum'senzera mpaka kunyumba, poganiza kuti khosi la mzungu silingapirire. Iye anakana mwaulemu, napempha kuti am'phunzitse kupota nkhata. Sabata zoyambazo theka la madzi linkathera pamsana pake, amayi akuseka mpaka kugwira nthiti. Koma mvula yoyamba isanagwe, ndowa inkafika kunyumba yodzaza.

Akabwera kumjigo ankakoleza moto pa mbaula ya makala, akukupiza ndi chivundikiro cha poto, kuti amwe tiyi ndi mbatata kapena chinangwa. Nthawi ya 7 koloko isanakwane anali atafika kusukulu. Kumeneko anapeza zimene aphunzitsi athu amakumana nazo tsiku ndi tsiku: ana odzaza chipinda, buku limodzi ana angapo, choko chogawana, ndi ana ena oyenda mtunda wautali m'mimba mulibe kanthu, makamaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zatha koma chimanga cha m'munda sichinakhwime. Akaweruka ankakhala ndi kalabu ya atsikana, kapena ankathirira mbande m'nazale ya mitengo imene anayambitsa ndi ana a sukulu. Tsiku la sikelo ankathandiza mlangizi wa zaumoyo kuyeza ana ndi kulemba m'makadi. Loweruka ankapalasa njinga kupita kumsika kukagula tomato, anyezi, usipa ndi mafuta ophikira, ndipo posakhalitsa anadziwa kunenerera mtengo kuposa ena a ife amene tinabadwira konkuno.

Madzulo ambiri ankadya kwa banja loyandikana nalo. Anaphunzira kusamba m'manja akulu atayamba, kutema nsima ndi dzanja lamanja, kuiumba ndi kusunsa. Nkhwani wotendera anaukonda tsiku loyamba lomwe. Therere linam'tengera miyezi. Ngumbi anazilawa atatsinzina, koma chaka chachiwiri ndiye ankafunsa kuti zituluka liti. Dzuwa likalowa ankachonga makope pa nyali ya sola, ndipo 8 koloko ikamakwana anali atalowa m'masikito, pakuti udzudzu susankha khungu.

Awerengi anga, zimenezi zingaoneke zazing'ono, koma ndi m'menemu m'mene muli ntchito yeniyeni ya mlendo wotere. Munthu wa m'mudzi samvera uphungu wa munthu amene sanam'dziwe. Asanamve zimene ukunena, amayang'ana kaye ngati umapereka moni, ngati umagwada kapena kunjuta popereka chinthu kwa akulu, ngati umadya zimene iye amadya. Chimene chinatsegulira mtsikanayu mitima ya anthu sichinali digiri yake ayi, koma maliro. Agogo ena a pafupi ndi sukulu atamwalira, iye anamanga chitenje, nakagona pasiwa ndi amayi usiku wonse atatambalala pamphasa. M'mawa anatunga nawo madzi, napereka chipepeso kwa amfumu monga mwa mwambo, naperekeza maliro mpaka kumanda. Kuyambira tsiku limenelo mawu akuti "mzungu uja" anatha m'mudzimo. Anthu anayamba kunena kuti "aphunzitsi athu", ndipo makolo amene poyamba ankakaniza ana awo aakazi kupita ku kalabu anayamba kuwakumbutsa okha.

Tisaganize kuti moyo wotere ndi wopepuka. Mlendoyu wasiya mayi ake, abale ake ndi chilankhulo chake kutali. Akadwala malungo kapena kutsekula m'mimba amagona yekha m'nyumba. Kulikonse kumene wapita maso ali pa iye. Ana amam'tsatira akufuula, ndipo zimene wagula kumsika m'mawa, pofika madzulo mudzi wonse wadziwa. Kwawo anazolowera kuti munthu akatseka chitseko ndiye kuti afuna kupuma, pamene kwathu kuno wodzitsekera m'nyumba masana timati wadwala kapena wakwiya. Amaitanitsa msonkhano wa 8 koloko, anthu nkufika 10 koloko. Tsiku lina safika nkomwe chifukwa kwagwa maliro m'mudzi wina. Mtsikana uja anandiuza kuti mwezi wake wachitatu analongedza katundu kawiri, koma ana a fomu 2 amene ankayembekezera mayeso ndiwo anam'bweza mtima.

Komabe tinene zoona, pakuti chikondi chosanena zoona ndi chinyengo. Ngakhale atasenza ndowa ndi kudya therere, mlendoyu sali wofanana ndi mnansi wake. Akadwala kwambiri, galimoto imabwera kudzam'tenga, ndipo zikavuta amakwera ndege. Mvula ikakana, iye sagona ndi njala. Koposa zonse, ali ndi tsiku lobwerera kwawo. Amene anaiwala zimenezi anakumbutsidwa mu Malichi 2020, pamene mliri wa Covid-19 unabuka ndipo bungwe la Peace Corps linaitana anthu ake onse pa dziko lapansi, pafupifupi 7,000, kuti abwerere kwawo. M'masiku owerengeka chabe nyumba zinatsekedwa, ena osapeza ngakhale mpata wotsanzikana bwino ndi amfumu. Mame anakamuka dzuwa lisanakwere. Kumene ntchito inali m'manja mwa eni mudzi, inapitirira. Kumene inali m'manja mwa mlendo yekha, inafa tsiku lomwelo.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Funso loyenera kufunsa si lakuti, "Kodi mlendoyu watibweretsera chiyani?" koma lakuti, "Kodi akadzapita, chidzatsale m'mitu ndi m'manja mwathu nchiyani?"

Akuluakulu amene ankamvera wailesi ya MBC kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 akukumbukira Jack Allison, mnyamata wa Peace Corps amene ankagwira ntchito ya zaumoyo wa ana kwa Nsiyaludzu m'boma la Ntcheu. Iye ataona ana onyentchera, sanaitanitse zakudya za m'zitini kuchokera ku America. Anaphunzira Chichewa, napeka nyimbo zophunzitsa amayi, ndipo yotchuka koposa inali "Ufa wa Mtedza", yolimbikitsa amayi kuthira nsinjiro m'phala la ana. Taganizani: mtedzawo unali wa m'minda yathu, mtondo unali wathu, phala linali lathu, chilankhulo chinali chathu. Mlendo anangonola kalumo. Iye anabwerera kwawo nakakhala dokotala, koma nzeruyo inatsala, chifukwa siinkafuna batire, mafuta kapena makaniko wochokera kunja.

Tsono yerekezani ndi zimene zinachitika kwathu. Mtsikana uja, mwa chifundo chake, analembera abale ndi abwenzi kwawo, ndipo anatumiza makatoni a mabuku ndi makompyuta angapo. Tsiku lolandira tinavina, tinapha mbuzi, akuluakulu analankhula. Nditapitako patatha zaka 3 iye atachoka, ndinapeza chipindacho chili chokhoma, kiyi ali ndi munthu amene anasamutsidwa kalekale. Posuzumira pazenera ndinaona chiswe chitamanga pa mashelefu, makompyuta atakutidwa ndi fumbi. Nazale ya mitengo inali itauma, popeza ana ankathirira chifukwa chokonda mphunzitsi wawo, ndipo panalibe wamkulu amene anapatsidwa udindowo. Ndani anali wolakwa? Si mlendo. Olakwa tinali ife amene tinaombera m'manja mphatso koma osasankha woisamala, ndipo ine ndemwe ndinali pakati pa oomba m'manjawo.

Koma ulendo womwewo ndinaonanso china chimene chinanditonthoza. Panali mphunzitsi wina wachinyamata wa konkuno amene zaka ziwiri zija sankachoka pambali pa mlendoyo: pokonza maphunziro anali naye, ku kalabu anali naye, ndipo iye ndiye ankam'masulira zimene makolo akutanthauza akati "tamva" pamene sanavomere. Ndinam'peza akuyendetsabe kalabu ya atsikana, akuphunzitsa sayansi ndi mabotolo, zitini ndi timachubu totolera, monga ankachitira awiriwo. Amayi ena amene anaphunzira kuumba mbaula zadothi zosatha nkhuni zambiri anali akuumbabe ndi kugulitsa pamsika. Zogula ndi ndalama zinaonongeka. Zolowa m'mutu zinabala.

Ndikudziwa kuti alipo ena amene amati alendowa alibe phindu. Iwo amati ambiri ndi ana ongotuluka kumene ku yunivesite, osadziwa khasu kapena choko, ndipo amadzaphunzirira ntchito pa ana athu. Amatinso nkulakwa kuitana mphunzitsi wa kunja pamene ana athu amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi ndi unamwino akukhala pakhomo kudikira ntchito. Mawu amenewa sitingawataye kutchire, chifukwa muli choonadi. Mlendo wodzipereka asakhale chifukwa chosalembera ntchito mwana wa m'dziko muno. Adze kudzaonjezera dzanja, osati kudzatenga mpando. Ndiponso tisiyanitse pakati pa iye amene amakhala nafe zaka 2, nadwala malungo athu ndi kulira maliro athu, ndi gulu lija lobwera sabata ziwiri, kupaka penti khoma la sukulu, kunyamula ana amasiye ndi kudzijambula kuti akaonetse pa Facebook. Umphawi wa munthu si chionetsero, ndipo mwana wa mwini sajambulidwa makolo ake asanalole. Mafumu ali ndi ufulu wonse wofunsa mlendo aliyense kuti watumidwa ndi yani, adzachita chiyani, ndipo akhala mpaka liti.

Koma kunena kuti onse alibe phindu nkutaya nkhwangwa ndi mpini womwe. Mwana wamkazi wa kumudzi akaona mtsikana wosakwatiwa, wophunzira, amene wayenda ulendo wautali yekha ndipo akulemekezedwa ndi amfumu, amayamba kuganiza kuti moyo wake suthera pa ukwati wa msanga. Ndipo mlendoyo akabwerera kwawo amakhala kazembe wathu wosalipidwa. Anthu a kwawo akamanena kuti ku Africa kuli njala ndi nkhondo zokhazokha, iye amayankha kuti anakhalako, anadyetsedwa ndi anthu amene analibe zambiri, ndipo anaphunzira kwa iwo kuposa zimene anawaphunzitsa. Ambiri a iwo amanena zimenezi poyera.

Kwa inu alendo athu ndili ndi mawu ochepa. Mudzi umene mwafikamo unalipo inu musanabadwe, ndipo uli ndi nzeru zake. Miyezi yoyamba tsegulani makutu kuposa pakamwa. Musayambe ntchito musanaonekere kwa amfumu. Phunzirani chilankhulo, kaya ndi Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chitonga, Chilomwe kapena Chisena, ndipo musachite manyazi anthu akaseka polakwitsa, pakuti kusekako ndi chizindikiro chakuti akulandirani. Lamulo la kavalidwe la m'chaka cha 1973, limene linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, linachotsedwa dziko litasankha ndale za zipani zambiri mu 1993, koma kumudzi chitenje chikadali ulemu, makamaka pamaliro, kutchalitchi, kumzikiti ndi pabwalo la amfumu. Musalonjeze chimene simungathe, ndipo musayambitse chimene eni ake sangachipitirize. Mlimi amene akukana mbewu yanu yatsopano si mbuli. Iye akudziwa kuti ikalephera, wogona ndi njala ndi mwana wake, osati inu.

Kwa ife eni mudzi mawu anga ndi olemererapo, chifukwa udindo waukulu ndi wathu. Choyamba, tileke kuona mlendo ngati banki. Zimachititsa manyazi kumva kuti mawu oyamba a Chingerezi amene mwana wa zaka 4 akudziwa ndi opempha ndalama. Mwana sabadwa ndi mawu amenewo. Amawamva kwa akulu. Ife ndife anthu amene tinaumba njerwa ndi manja athu kumanga sukulu, tinalambula misewu ndi makasu athu, tinamanga milatho ya mitengo popanda kudikira wina. Mzimu wodzithandiza tokha umenewo tisaugulitse ndi maswiti.

Chachiwiri, tsiku lomwe mlendo wafika, mphunzitsi wamkulu, mkulu wa chipatala, amfumu ndi komiti ya chitukuko cha m'mudzi akhale pansi, asankhe munthu mmodzi kapena awiri a konko, okhazikika, oti aziyenda naye pa ntchito iliyonse. Chilichonse chimene mlendo akudziwa, iwo achidziwe chaka choyamba chisanathe. Chaka chachiwiri iwo atsogole, mlendo akhale pambuyo. Kiyi wa chipinda, buku la ndalama ndi dongosolo la ntchito zikhale m'manja mwa komiti kuyambira pachiyambi, osati kuperekedwa mothamanga galimoto yodzam'tenga ikuliza hutala panja.

Chachitatu, timuuze mlendo zoona. Ulemu wathu nthawi zina umatipweteka: timavomera ndi pakamwa pamene mtima wakana, poopa kum'khumudwitsa. Ngati mudzi ukufuna mjigo osati laibulale, unene. Ngati mwezi umene waitanitsa msonkhano ndi wopalira, auzidwe. Kuli bwino akhumudwe tsiku limodzi kusiyana ndi kuti ataye zaka 2 pa chinthu chimene tidzachisiye m'mawa mwake.

Chachinayi, tim'samale monga mwana wathu. Makolo ake anam'lola kubwera chifukwa anamva kuti a Malawi ndi anthu amtendere ndi olandira alendo. Wakuba m'nyumba yake, kapena mnyamata wom'vutitsa panjira, sachimwira iye yekha. Amaipitsa dzina la mudzi wonse ndi la dziko lathu.

Potsiriza, pali chinthu china chimene moyo wa mlendoyu uyenera kutikumbutsa. Timadabwa ndi kuyamikira kuti mwana wa ku Japan kapena ku America wasiya magetsi ndi madzi a m'mpopi kudzakhala kumudzi. Nkoyenera kuyamikira. Koma m'midzi momwemo muli amayi amene amaphika phala ndi kulera ana m'sukulu za mmera mpoyamba popanda malipiro, muli amuna a m'makomiti a mijigo, muli achinyamata oyendera odwala khomo ndi khomo. Iwo alibe njinga yatsopano, alibe tsiku lobwerera kwina, ndipo palibe amawaphera mbuzi. Amenewa ndiwo mavolontiya athu enieni, ndipo ndi m'manja mwawo m'mene kalumo ka mlendo kayenera kutsala. Nanga inu anyamata ndi atsikana amene mwatsiriza maphunziro ku Zomba, ku Mzuzu, ku Bunda ndi ku Blantyre, ngati mwana wa kutsidya kwa nyanja angathe kusenza ndowa ndi kugona pasiwa kwa zaka 2, chikuletsani nchiyani kupita kwanu pa tchuthi kukaphunzitsa ang'ono anu masamu pansi pa mtengo wa mango?

Mlendo tim'landire ndi manja awiri, tim'patse mphasa, tim'phunzitse kupota nkhata. Koma m'mawa uliwonse tizikumbukira kuti dzuwa likukwera ndipo mame akamuka. Mudzi ndi wathu, ana ndi athu, ndipo chitukuko chake chidzafunsidwa kwa ife.